Mawu Akamasemphana ndi Milomo mu Kanema: Yezani Kaye Musanakonze

Kanema akhoza kuda pang'ono, kamera ikhoza kugwedezeka, anthu amaonerabe. Koma mkwati akamalumbira, mawu n'kumatuluka iye atatseka kale pakamwa, aliyense pabalaza amaona, ngakhale agogo amene sadziwa kuti fayilo n'chiyani. Ojambula maukwati, zinkhoswe, makwaya ndi mapemphero muno mu Mzuzu amakumana nalo vutoli kawirikawiri. Ambiri amangokoka mzere wa mawu mu pulogalamu mpaka koyambirira kuoneke bwino, n'kupereka fulashi kwa mwini. Mawa lake foni: "Achimwene, koyamba kuli bwinobwino, koma pofika pa perekaniperekani zasokonekera."

Zimatero chifukwa kusemphanaku kuli mitundu itatu, ndipo kukoka mzere kumathetsa mtundu umodzi wokha. Ntchito yaikulu ndi kudziwa mtundu umene muli nawo. Kukonza kwenikweniko nthawi zina kumatha mphindi ziwiri.

Kodi wolakwa ndi fayiloyo?

Musanakhudze chilichonse, zimitsani Bluetooth. Sipika ndi mahedifoni opanda nthambo amachedwetsa mawu, ambiri ndi mamilisekondi 100 mpaka 300 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1000), ndipo si pulogalamu iliyonse imene imabwezera nthawi imeneyi. Mukakonzera kanema pa sipika yotere, mudzasuntha mawu amene analibe vuto, n'kuwononga fayilo ya bwinobwino. Lumikizani mahedifoni a nthambo, ngakhale otchipa aja.

Kenako seweretsani fayilo yomweyo pa chipangizo china. Laputopu yakale ikapatsidwa kanema wa 4K, makamaka wa HEVC amene mafoni ambiri atsopano amajambula, imalephera kuthamanga nazo zithunzi. Mawu amapitirira, zithunzi n'kumatsalira. Ngati pa foni kanemayo akuyenda bwino, fayilo ilibe mlandu. TV nazonso zimachedwetsa chithunzi pochikongoletsa, makamaka mawu akamatulukira pa sipika ina. Zambiri zili ndi posinthira potchedwa Audio Delay kapena Lip Sync m'menyu ya mawu.

Vuto likaoneka paliponse chimodzimodzi, tsopano ndi lanu. Koperani fayiloyo, yoyambirira muisunge padera osaikhudza.

Yezani malo atatu

Tsegulani kanemayo mu VLC, pulogalamu yoseweretsera makanema. Ndi yaulere ndipo imapezeka pafupifupi pa kompyuta iliyonse m'tauni muno. Fufuzani malo amene diso ndi khutu zingagwirizane pa kanthu kamodzi kachidule: munthu kuomba m'manja, ndodo kugunda ng'oma, chitseko cha galimoto kumenyetsedwa. Ngati mwajambula malipenga kapena kwaya ya ng'oma muli ndi mwayi, poyezera ndi pambiri. Pakakhala kulankhula kokha, yang'anitsitsani milomo pa mawu oyamba ndi m, b kapena p. Wolankhula akamati "bambo" milomo imatsekeka kawiri, ndipo phokoso la b limamveka nthawi imene ikutseguka. Zilembo zina n'zovuta kuziona, musataye nazo nthawi.

Pa Windows, batani la K limachedwetsa mawu ndi mamilisekondi 50 mukadina kamodzi, la J limawafulumizitsa ndi 50 yomweyo. Nambala imaoneka pakona pa kanema. Mawu akamabwera milomo isanayende, dinani K. Akamabwera mochedwa, dinani J. Bwererani mmbuyo pang'ono, mverani, dinaninso, mpaka kuomba kwa manja ndi phokoso lake zikhale chinthu chimodzi. Amene akufuna kulemba nambala yeniyeni apite ku Tools, kenako Track Synchronization. Batani la E limayendetsa kanema fulemu imodzi imodzi, kutanthauza chithunzi chimodzi chimodzi, zimene zimathandiza kuona pamene manja akhudzana.

Lembani nambalayo papepala pamodzi ndi nthawi ya malowo. Chitani zimenezi koyambirira, pakati, ndi chakumapeto. Musadumphe malo apakati. Ndi amene amasiyanitsa mtundu wachiwiri ndi wachitatu.

Nambala zitatuzo zikafanana, monga 400, 400, 400, mawu angosunthika onse pamodzi. Zikamakula mwadongosolo, monga 100, 400, 700, mawu ndi zithunzi zikuyenda pa liwiro losiyana. Zikakhala ngati 0, 0, 900, pali malo amodzi pamene china chake chinadumpha.

Dziwani kuti VLC sikonza fayilo. Zimene mwadinazo zimathera pomwepo mukatseka. Mwini kanema akakatsegula kwawo adzapeza vuto lili pomwe linali. Ife tikuigwiritsa ntchito ngati choyezera basi.

Nanga muyenera kulondola kufika pati? Bungwe la ITU linapeza kuti anthu amayamba kuzindikira mawu akatsogola ndi mamilisekondi pafupifupi 45, koma akachedwa amafika pafupifupi 125 asanaone kanthu. Khutu linazolowera mawu ochedwa, poti timaona kung'anima kwa mphezi kaye bingu n'kubwera pambuyo. Mawu otsogola ndiye sitinawazolowere. Choncho mukakhala pakati pa nambala ziwiri, sankhani imene ikusiya mawu atachedwa pang'ono. Pa kanema wa mafulemu 25 pa sekondi, fulemu imodzi ndi mamilisekondi 40. Mukalondola mkati mwa fulemu imodzi, palibe adzadandaule.

Nambala zikafanana

Uwu ndi mtundu wosavuta. Nthawi zina gwero lake ndi mtunda chabe. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye kamera ikakhala kumbuyo kwa holo, mamita 30 kuchokera kutsogolo, n'kumatola mawu ndi maikolofoni yake, mawuwo amafika atachedwa ndi mamilisekondi pafupifupi 90. Mukakokera chithunzi pafupi, nkhope ya mlaliki n'kudzaza sikirini, kuchedwako kumaoneka. Ku Mzuzu Stadium, kujambula nsanja muli tsidya lina la bwalo, kuchedwa kungafike gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi.

Ngati kanemayo watha kale ndipo simukufuna kumuphikanso (kuti kompyuta ipangenso zithunzi zonse mwatsopano), pulogalamu ya Avidemux ndi yabwino. Tsegulani fayilo, pa Video Output siyani Copy, pa Audio Output chongani Shift n'kulemba nambala yanu ya mamilisekondi, pa Output Format sankhani MP4 Muxer, sungani ndi dzina latsopano. Popeza zithunzi zikungokopedwa, kanema wa maola awiri amatha msanga ndipo sachepa ubwino. Seweretsani zotsatira zake. Kusiyana kukawirikiza m'malo mochoka, sinthani chizindikiro cha nambala, ikhale ndi minus kapena muchotse minus. MKVToolNix imachitanso zomwezo: dinani mzere wa mawu, lembani nambala pa Delay. Koma imatulutsa fayilo ya mtundu wa MKV, imene TV zina zakale komanso mafoni ena amakana.

Amene saopa kulemba malamulo angagwiritse ntchito FFmpeg. Kuti muchedwetse mawu ndi mamilisekondi 400:

ffmpeg -i kanema.mp4 -c:v copy -af adelay=400:all=1 -c:a aac -b:a 192k wabwino.mp4

Kuti muwafulumizitse ndi 400 yomweyo, mumadula kachidutswa koyambirira kwa mawu:

ffmpeg -i kanema.mp4 -c:v copy -af "atrim=start=0.4,asetpts=PTS-STARTPTS" -c:a aac -b:a 192k wabwino.mp4

Pa intaneti mudzapeza ambiri akulangiza lamulo la itsoffset. Limagwira, koma ine sindilikonda pa ntchito yopereka kwa anthu. Mu MP4 limangosiya chizindikiro chouza choseweretsa kuti chidikire pang'ono, ndipo zoseweretsa zina sizichilabadira. Malamulo awiri apamwambawa amasintha mawu enieniwo, ndiye kulikonse kumene fayilo ipite zimakhala zokonzeka.

Ngati mukadali mu Premiere Pro, DaVinci Resolve kapena CapCut, lekanitsani mawu ndi chithunzi, kulitsani mzere wa nthawi mpaka mafunde a mawu aoneke bwino. Kuomba m'manja kumaoneka ngati kamzere kosongoka kotumphuka mwadzidzidzi pakati pa mafunde ang'onoang'ono. Imitsani chithunzi pa fulemu yoyamba imene zikhatho zakhudzana, kokani mawu mpaka kuyamba kwa kamzere kaja kufike pamenepo. Osati pansonga pake, koma pamene kakuyambira kukwera. Premiere ndi Resolve zimathanso kulunzanitsa zokha poyerekeza mawu a kamera ndi a chojambulira china, bola kamera inatolako mawu omveka. N'chifukwa chake simuyenera kuzimitsa maikolofoni ya kamera ngakhale mukutenga mawu ku mikisa.

Nambala zikamakula

Apa ndi pamene pamagona vuto la foni ija ya perekaniperekani, ndipo pali zifukwa zingapo zosiyana. Tsitsani kapulogalamu kaulere ka MediaInfo, mutsegulemo fayilo, muyang'ane zinthu zitatu: Frame rate mode, Frame rate, ndi Sampling rate.

Pa Frame rate mode pakalembedwa Variable, mwapeza wokayikiridwa woyamba. Mafoni sajambula mafulemu ofanana pa sekondi iliyonse. Kukada, monga m'tchalitchi cha mawindo ochepa tsiku la mitambo, kapena phwando likafika madzulo, foni imachepetsa mafulemu kuti iliyonse itole kuwala kokwanira. Imateronso ikatentha. Pa foni pomwepo kanema amayenda bwino chifukwa fulemu iliyonse ili ndi nthawi yake yolembedwa. Koma mapulogalamu ena okonzera kanema amawerenga ngati mafulemu onse ndi otalikirana mofanana, ndiye zithunzi zimayamba kuthawa mawu pang'onopang'ono. Makanema ojambulidwa pa sikirini, monga misonkhano ya pa Zoom kapena maphunziro amene ophunzira a ku Mzuni amasunga, amakhalanso otere kawirikawiri.

Mankhwala ake ndi kusintha fayilo yoyambirira ija musanayiike mu pulogalamu yokonzera. Tsegulani mu HandBrake, pitani pa Video, pa Framerate sankhani nambala yapafupi ndi imene MediaInfo yaonetsa, kaya 25, 30 kapena 60, kenako chongani Constant Framerate. Pa ubwino wa chithunzi ikani RF pakati pa 18 ndi 20. Apa kanema akuphikidwanso yense, ndiye zimatenga nthawi. Yambitsani laputopu ili ndi moto wokwanira, poti magetsi akazima pakati muyambiranso. Fayilo yatsopanoyo ndi imene mukaike mu pulogalamu. Ngati munali mutadula kale kanema wanu, mapulogalamu ambiri amalola kuloza ku fayilo yatsopano m'malo mwa yakale, koma muyang'anenso modulira monse chifukwa mukhoza kusuntha pang'ono.

Pakalembedwa Constant, kukula kwa kusiyanako kumakuuzani gwero. Masekondi pafupifupi 3.6 pa ola limodzi ndi chizindikiro choti Frame rate ya 29.97 yawerengedwa ngati 30, kapena 30 ngati 29.97. Masekondi awiri ndi theka pa mphindi iliyonse ndi 23.976 yosakanizidwa ndi 25. Zimenezi amakumana nazo kwambiri anyamata omasulira mafilimu ndi oika mafilimu pa mamemori khadi, akatenga mawu a kope lina n'kuwaphatikiza ndi zithunzi za kope lina. Filimu yomweyo ikakonzedwera TV za PAL, za mafulemu 25 pa sekondi, zimene ndi zathu kuno, imathamanga ndi 4 peresenti kuposa ya ku sinema. Kusiyana kukafika masekondi asanu pa mphindi, komanso mawu a abambo akumveka opyapyala kapena a amayi akumveka okhuthala, ndiye kuti vuto lili pa Sampling rate: mawu a 44,100 Hz akuwerengedwa ngati 48,000 Hz kapena mosemphanitsa. Pamenepo konzani pa gwero: ikani polojekiti yanu pa nambala yoyenera, kapena sinthani mawuwo akhale 48,000 Hz mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu, musanawalowetse.

Palinso china chimene chimadabwitsa anthu ngakhale nambala zonse zili zolondola. Mwatenga zithunzi ndi kamera, mawu mwatenga ku mikisa ya DJ kudzera pa kachojambulira kapena foni ina. Chilichonse mwa ziwirizi chili ndi wotchi yake mkati, ndipo mawotchiwo sayenda ndendende. Pa nyimbo imodzi ya kwaya simungaone kanthu. Pa mwambo wa ola lathunthu, kusiyana kumaunjikana.

Kukonza kwake ndi kutambasula kapena kufinya mawu pang'ono, ndipo pamafunika masamu ochepa. Tiyerekeze kuti pa kuomba m'manja koyamba VLC inafuna minus 100, pa komaliza inafuna minus 700, ndipo pakati pa malo awiriwa pali mphindi 50, amene ndi masekondi 3000. Mawu achedwa ndi mamilisekondi 600 owonjezera, kutanthauza kuti atenga masekondi 3000.6 pamene zithunzi zatenga 3000. Gawani kutalika kwa mawu ndi kutalika kwa zithunzi: 3000.6 kugawa ndi 3000 ikupereka 1.0002. Imeneyo ndiyo nambala yothamangitsira mawu:

ffmpeg -i kanema.mp4 -c:v copy -af atempo=1.0002 -c:a aac -b:a 192k watambasuka.mp4

Mawu akanakhala kuti akutsogola, nambala ikanakhala yochepera pa 1, monga 0.9998. Pa filimu ya 23.976 ndi 25 ija, nambala ndi 1.0427 kapena 0.959, malinga ndi mbali imene ikuthamanga. Mu Audacity ntchito yomweyi imachitika ndi Change Speed, imene m'makope atsopano ikutchedwa Change Speed and Pitch. Pa chitsanzo chathuchi mungalembe 0.02 pa Percent Change. Kusintha kochepa chonchi khutu silimva. Mu Premiere dinani R kuti mutenge Rate Stretch, lunzanitsani koyambirira, kenako kokani mapeto a mawu mpaka kuomba komaliza kugwirizane.

Dongosolo lake ndi lofunika: tambasulani kaye, kusuntha pambuyo. Mukatha kutambasula, yezaninso malo atatu aja. Nambala zizikhala zofanana tsopano, ndipo mwabwerera ku mtundu wosavuta uja.

Ngati masamu akukuvutani ndipo kanemayo ndi wodukaduka kale, pali njira yachidule. Dulani mawu pamalo opanda kulankhula, monga nthawi imene anthu akukhala pansi, mphindi khumi zilizonse, n'kumalunzanitsa chidutswa chilichonse pachokha. Si yaukhondo kwenikweni, koma pa kusiyana kochepa imagwira. Pa nyimbo musayese, kudulako kumamveka.

Nambala ikadumpha pamalo amodzi

Apa china chake chinasowa pakati: memori khadi yochedwa inataya mafulemu, fayilo inawonongeka pokopera, kapena zidutswa zinalumikizidwa molakwika. Makamera ambiri amadula kanema wautali m'mafayilo osapitirira 4 GB chifukwa makhadi a FAT32 salola fayilo yoposa pamenepo. Makamera a AVCHD, a mafayilo a MTS aja, ndiwo amavutitsa: mukakopera mafayilo okhaokha n'kuwandandalika pa mzere, pamalumikiziro pamatayika kachidutswa. Koperani foda yonse ya khadi mmene ilili, pulogalamu iwerenge yokha.

Kuti mupeze podumphira, yezani pakati pa malo abwino omaliza ndi malo oipa oyamba, kenako pakati pa theka limene latsala, mpaka mutapafika. Dulani mawu pamenepo, sunthani chidutswa chakutsogolo chokha ndi nambala imene munayeza. Pakatsala kampata kopanda mawu, koperani kaphokoso ka m'holo momwemo mutsekepo, chifukwa chete weniweni pakati pa phwando amamveka kuposa phokoso. Chithunzi chikadumpha moonekera, phimbani ndi chithunzi cha anthu omvetsera.

Oulutsa mapemphero pa Facebook

Mipingo yambiri kuyambira ku Katoto mpaka ku Chibavi ndi Luwinga ikuulutsa mapemphero ndi pulogalamu ya OBS, ndipo pafupifupi nthawi zonse mawu ndi amene amatsogola. Mawu a ku mikisa amafika mu kompyuta msanga, pamene chithunzi chimachedwa podutsa mu kamera ndi kachipangizo kolumikizira HDMI. Mapemphero asanayambe, wina aime kutsogolo aombe m'manja pafupi ndi maikolofoni, inu mujambule masekondi ochepa mu OBS momwemo, muyeze mu VLC. Nambalayo ilembeni pa Sync Offset, mu Advanced Audio Properties. Imakhala yomweyo sabata ndi sabata mpaka mutasintha kamera kapena kachipangizo kaja. Musayezere pa foni imene ikuonera pa intaneti, pamenepo pali zochedwetsa zina zimene si zanu.

Pa ntchito yotsatira

Ombani m'manja kamodzi, mwamphamvu, pamaso pa kamera zonse zitayamba kujambula, ndipo muombenso musanazimitse. Kuomba komalizaku ndi kumene anthu amaiwala, pomwe ndi kumene kumakupatsani nambala yotambasulira popanda kusakasaka milomo. Pa ukwati simungaime kutsogolo kwa guwa n'kuomba, koma mukhoza kutero anthu asanalowe ndi atatuluka, bola zipangizo zisazimitsidwe pakati. Zipangizo zonse zikhale pa 48,000 Hz ndi pa mafulemu ofanana. Ine ndimasankha 25 kapena 50, chifukwa magetsi athu ndi a 50 Hz ndipo mababu ena amaphethira pa chithunzi mukajambula pa 30. Pa iPhone zimitsani Auto FPS m'zosintha za kamera kuti isatsitse mafulemu kukada.

Musanapereke ntchito, seweretsani fayilo yomalizayo, osati ya mu pulogalamu, pa malo atatu omwe aja. Ikani pa fulashi muyesenso pa TV wamba, poti kumeneko ndi kumene banja likaonere. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati Document, imene imalola mpaka 2 GB; mukatumiza ngati kanema wamba imamufinyanso, ndipo mwini akadandaula simudzadziwa ngati vuto lili mu fayilo yanu kapena mu imene yafika kwa iye.